Tsitsi Lowongoka

Lachiwiri, 3 Seputembala 1996

Kukhosi kwauma ndi choko, chifuwa chija sichikuthanso. Ana a giredi 12 ndawaphunzitsa za magetsi, iwo maso pazenera. Minibasi yochokera ku Chongwe yanditsitsa pamsewu, fumbi mpaka m'mano.

Kufika kunyumba, mwamuna wanga Matthias palibe pabedi. Phala lili pomwe ndinalisiya, ntchentche zikuchita phwando. Ndamupeza m'chipinda chosungira katundu, bulangeti paphewa kutentha konseku, akuseweretsa chimakina chake. Ndakalipa zedi. Iye kuseka. "Ceci, yamba waona, uzanikalipila pambuyo."

Chitini cha mkaka chodzaza phula la makandulo. Waya wotenthetsa wochokera ku batire la galimoto. Sipika ya wailesi yathu yakale. Sipika ikagunda kamodzi, pansi pa chitini patuluke dontho limodzi, ligwere pagalasi, liume. Lina pambali pake, lina pamwamba. Ati ndi mmene anthu azidzamangira zinthu mtsogolo, dontho ndi dontho, tizitsulo ta m'mawotchi, mwina ndi mafupa a anthu omwe. Anaziona zikungoyamba kumene ku Ulaya komwe anakaphunzira. Kuntchito anamupatsa tchuthi cha matenda, ndiye labu yake yoyeseramo za sayansi yasamukira kuno ku Silverest, pakati pa thumba la makala ndi njinga yakufa.

Chimene akufuna kumanga ndi kankhokwe. Kozungulira, kopanda kanthu m'kati, kochepa ngati njere ya mapira. "Kakaimilila chabe, ninshi nasiliza." Mawu amenewo sindinawakonde.

Loweruka, 7 Seputembala

Manja ake akunjenjemera, ndiye manja akhala ine. Iye pakampando kulamula, ine kupotoza masikuluwu osuntha galasi. Mphunzitsi wa sayansi mutu wonse kusanduka wantchito wa chitini!

Phula likatentha kwambiri, dontho limafika n'kuphwasuka, lachiwiri limasungunula loyamba, zonse phala. Likazizira, limagwa lolimba kale, kudumpha, kugubuduzika, osagwira mnzake. Liyenera kupeza linzake litauma koma likadali lofunda. Pamenepo pokha. Tsiku lonse kusaka pamenepo.

Vuto lalikulu ndi bowo. Tikugwiritsa ntchito singano ya jekeseni, ndipo ndi yaikulu. Madontho ake ngati misozi ya ng'ombe. Akufuna bowo lochepa ngati tsitsi. Tikalitenga kuti?

Makandulo akweranso mtengo. Wadya nthochi theka.

Lachinayi, 12 Seputembala

Chipatala. Mzere kuyambira m'mawa. Dokotala wang'ono, wotopa, sanatiyang'ane kumaso. "Pitani naye kunyumba, mayi. Chimene afuna kudya mupatseni." Dzina la matenda palibe walitchula. Matthias alidziwa, ine ndilidziwa, kondakitala wa minibasi amene anatisiyira mpando wakutsogolo alidziwanso.

M'njira Matthias wandigwira dzanja. "Osanipeleka kumunzi, Ceci. Nifuna nikhale na iwe." Ndalonjeza. Chimenechi chokha ndicho ndikupempha kwa Mulungu tsopano. Kuchira ndinasiya kupempha. Ndikhale naye mpaka pomaliza, dzanja langa likhale pamutu pake.

Lamulungu, 15 Seputembala

Apongozi afika kuchokera ku Bundabunda, ndi Olipa mlongo wake wa Matthias. Thumba la mbatata, nkhuku yamoyo, mabotolo a mizu. Atamuona mwana wawo anakhala pansi pakhomo, chitenje kukamwa. Ndinamva chisoni, zoona. Ndi mayi.

Koma madzulo asanafike ayamba kale. Nyumba ino ati ilibe mphepo. Mwana wawo ati akudya za m'zitini. Akufuna apite naye kumudzi, kuli munthu wodziwa. Matthias wakana, iwo ayang'ana ine.

Kale ankanditcha amake Teddy. Chimwalirire Teddy wathu, asanakwanitse ndi chaka chomwe, dzina lija linapita naye kumanda. Tsopano ndine "ba ticha". Lero ndawamva kukhitchini akunditchula kuti "uja wa ku Katete".

Lachitatu, 18 Seputembala

Zoseketsa, zoliritsa, kaya ndizitche chiyani.

Sabata yatha tinayesa nzeru ina. Kuimika tsitsi limodzi pakamwa pa chitini, kulizinga ndi guluu wolimba uja wosakaniza, guluu akauma n'kusolola tsitsi kuti patsale bowo. Tinayesa ndi langa la kumbuyo kwa khosi. Lopotana. Bowo lopotana, dontho kuthawira kumbali.

Lero ndikumusintha pilo, iye watola tsitsi lake lothothoka, waliyang'ana pazenera. Lasintha. Lofewa, lopyapyala, lowongoka ngati la khanda. Aliyense m'dziko muno adziwa tanthauzo la tsitsi lotere pamutu pa munthu wamkulu. Ine ndakhala ndikulibisa, kukutumula pilo msanga asanaone. Iye waseka mpaka kutsokomola. "Ona, Ceci! Matenda yanipasa chipangizo. Iyi ndiye sisi ya sayansi."

Ndatuluka panja, ndalira kuseri kwa chimbudzi. Kenako ndabwerera, ndasakaniza guluu.

Lachisanu, 20 Seputembala

Latheka! Bowo loongoka bwino. Dontho lake ndi maso okha sungalione, ndachita kubwereka maikulosikopu ya kusukulu, ndaibweretsa m'chikwama pansi pa mabuku a ana. Pagalasi timikanda toyera, tofanana, tandandalika. Matthias wayang'ana nthawi yaitali. Nkhope ija ya kale yabwerera pang'ono, ya mnyamata amene anandiimitsa pa siteshoni kundifotokozera chifukwa chake madzi a pampopi amaduka kukhala madontho. Ati madzi ali ndi khungu, khungulo limadzikoka. Ndinaganiza kuti ndi wamisala. Ndinakwatiwa naye.

Bowo silichedwa kutsekeka, tsiku lililonse pafunika latsopano. Ndikutola tsitsi papilo m'mawa, kusankha lowongoka, kusunga m'kabokosi ka machesi.

Apongozi amadutsa pakhomo pa chipindacho osalowa. Afunsa Olipa kuti fungo la makandulo masana ndi la chiyani, kodi kwafa munthu.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Mzere woyamba wa kankhokwe ukuzungulira bwino. Wachiwiri umakwera. Wachitatu umagwa, tsiku ndi tsiku.

Chifukwa tachipeza. Dontho likamachoka pabowo limakoka kamchira. Kamchirako kamaduka, kamadzikulunga, kamasanduka kadontho kakang'ono kotsatira pambuyo. Kakapeza lalikulu m'njira, zimaphatikana, palibe vuto. Kakachedwa, mphepo imakatenga, kamagwera pena, khoma limapindika. Matthias amakatcha kamwana. "Kamwana kasochela futi." Wanena kawiri. Tonse tinaganiza za Teddy. Palibe watchula.

Ati ndichepetse mphamvu ya sipika, igunde mofatsa, mchira ufupike. Mawa.

Siketi yanga yabuluu ikuzungulira m'chiuno. Ndaiphana ndi pini. Ntchito yachuluka, ndi zimenezo basi.

Lachinayi, 26 Seputembala

Mayo ine.

Ndabwera kusukulu, ndapeza zinthu zayalidwa pamphasa pabwalo. Kabokosi ka machesi kotsegula, tsitsi la Matthias poyera. Masingano akale. Zidutswa za makandulo. Galasi lokhala ndi timizere tozungulira. Apongozi chilili, Olipa maso pansi.

"Sisi ya mwana wanga ifuna chani mu machisa?"

Ndafotokoza. Bowo, guluu, dontho. Ndikulankhula ndikudzimva ndekha mmene zikumvekera. Mkazi wochokera kutali, amatola tsitsi la wodwala mbandakucha, amalibisa, amadzitsekera ndi masingano ndi makandulo, mwamuna akuonda, mwana anafa kale. Ndikanakhala iwo, kaya.

Koma mtima unandikwera. Ndinati bwerani muyang'ane pa maikulosikopu muone nokha. Anabwerera m'mbuyo ngati ndawalozera njoka. Ndinati funsani mwana wanu! Anapita. Matthias thupi moto, sakudziwa ndi komwe ali. Chimene ananena n'chakuti, "Ceci, wachosa sisi ya lelo? Kamwana kasasochele." Basi. Wandimaliza ndi pakamwa pake.

Ndinakuwa mawu oti ndisawalembe. Dzina la matenda linafika pamilomo, ndinalimeza. Anandipempha kale kuti amayi ake asalimve kwa ine.

Lolemba, 30 Seputembala

Amutenga.

Ndinapita kusukulu chifukwa ahedi anati ndikajombanso ndidziwa chochita, mayeso ali pafupi. Kubwera, chitseko chotsegula, bedi lopanda matiresi. Aneba ati kunabwera galimoto ya vaneti ndi amalume ake a Matthias, a Benedict. Anamunyamula pamatiresi pomwepo. Ati ankaitana dzina langa mpaka pamsewu.

Ndinalonjeza. Ndinamugwira dzanja m'minibasi n'kulonjeza. Chitsiru, kukasiya munthu chifukwa cha choko!

Makina sanawakhudze, aopa. Kabokosi ka machesi akataya pakhomo, ndakatola.

Lachitatu, 2 Okutobala

Bundabunda. Minibasi, kenako wapansi, dzuwa loswa mutu. Ndinanyamula shuga, sopo, mapiritsi ake amene anawaiwala.

A Benedict anandichingamira pa mtengo wa mango, kutali ndi nyumba. Munthu waulemu, wa kwaya, sanakweze mawu. "Ba ticha, bwelelani. Tikamupeza bwino tizakuitanani." Ndinagwada m'fumbi, ine. Ndinati ndingomuona pazenera. "Mwamuona kale maningi." Shuga analandira, mapiritsi anandibwezera.

Ndinamva kutsokomola kwake kuchokera m'nyumba ya udzu. Ndimakudziwa pakati pa anthu chikwi. Ndinaitana, azimayi anayamba kuimba nyimbo ya tchalitchi mokweza.

Loweruka, 5 Okutobala

Nyumba zii. Kudya sindikufuna. Thukuta usiku, mapilo onyowa, kutentha kwa Okutobala kumeneku.

Ndinalowa m'chipinda chija ndi mpini wa khasu kuti ndiphwanye zonse. Chitini chimenechi ndicho chandilanda mwamuna. Ndinaimirira pamenepo, mpini m'mwamba. Kenako ndinaona pepala lake pakhoma, zilembo zokhotakhota: chepetsa sipika.

Ndinaika mpini pansi. Ndasakaniza guluu.

Lachitatu, 9 Okutobala

Masiku onsewa ndikabwera kusukulu, molunjika ku chitini. Sipika ndaichepetsa mpaka kugunda kwake kumveka ngati chala pathebulo. Mchira wafupika, kamwana kakupeza make m'njira. Mzere wachitatu wakhala. Wachinayi unaphwasuka chifukwa ndinafulumira, wapansi unali usanaume. Ndaphunzira kudikira. Ndimapuma kamodzi pakati pa dontho ndi dontho, ndiye muyeso wanga.

Mazenera ndatseka ndi nsanza, ngakhale kamphepo kakang'ono kamakhotetsa dontho. M'chipinda ngati mu uvuni.

Tsitsi latsala lochepa m'kabokosi. Kwa Olipa kulibe uthenga.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kaima.

Kaima, Matthias, kankhokwe kaima! Khoma lozungulira, m'kati mopanda kanthu, pamwamba ndapinda mizere kulowa m'kati mpaka kutseka ngati denga. Pa maikulosikopu madontho onse akuoneka, lililonse lakhala paphewa pa linzake. Ndi maso okha ndi kanjere koyera basi. Ndinaseka ndekha, ndinatembenuka kuti ndikuuze. Kampando kopanda munthu.

Tsitsi lomaliza ndi limene lagwira ntchito. Mawa ndikupita. Andimenye, andithire madzi, akaona.

Lamulungu, 13 Okutobala

Dzulo ndilembe bwanji.

Kankhokwe ndinakaika pathonje m'kabokosi ka machesi, kabokosi pachifuwa m'kati mwa bulauzi. Minibasi yodzaza, kondakitala anandikhazika pa chivundikiro cha injini, kumbuyo kwa dalaivala. Kutentha kowotcha matako. Ine mphunzitsi wa sayansi, wodziwa bwino kuti phula limafewa, sindinaganize. Maganizo onse anali pa mtengo wa mango uja.

Mwayi, apongozi anali ku msonkhano wa azimayi kutchalitchi, a Benedict kudimba. Olipa anandiona, anayang'ana uku ndi uku. "Mulamu, ngenani mwamsanga. Akuitanani masiku yonse."

Watha. Mafupa pamphasa. Amumeta mpala kuti ndisapezenso tsitsi, amutema mphini pamphumi ndi pachifuwa. Maso sakuona bwino. Koma anandidziwa ndi mapazi. "Ceci." Ndinaika mutu wake pamwendo panga, ndinamupukuta milomo. Ndinati ndakubweretsera chinthu.

Kutsegula kabokosi. Pathonje kadontho kamodzi, kophwatalala, konyezimira. Mizere yonse yabwerera kukhala dontho.

Ndinafuna kunama. Iye anapapasa ndi chala, anamva. Kenako, "Kanaimilila?" Ndinati kanaima. "Na denga?" Ndi denga lomwe. "Unakaona na maso yako?" Ndinati ee, ndinakaona. "Ninshi kanaimilila. Ukalembe." Anamwetulira, mano okhaokha. Anafumbata kabokosi, dzanja lina anagwira bulauzi yanga. "Manje osayenda."

Ndinati sindipita.

Apongozi anatipeza choncho, kabokosi ka machesi kali m'manja mwa mwana wawo. Kukuwa kwake! Anthu anathamanga kuchokera m'nyumba zonse. A Benedict anachita kumasula zala zake pa bulauzi yanga chimodzichimodzi. Batani linatsala m'dzanja lake. Anandiperekeza anyamata mpaka kumsewu, wina anaponya chibuluma.

Ndalemba, Matthias. Kanaima pa 11 Okutobala.

Lachitatu, 16 Okutobala

Olipa anatuma munthu kusukulu. Anandipeza ndili pa bolodi.

Matthias wapita, dzulo masana. Ati anafunsa ngati ndafika.

Sindinalipo.

Lamulungu, 20 Okutobala

Bundabunda. Pamaliro anandilola, mkazi wamasiye sangasowe, anthu angafunse. Pakona ya nyumba, pansi, chitenje kumutu. Palibe wondilankhula kupatula Olipa. Mbale yanga amaitsuka payokha.

Tamuika Lachisanu. Maluwa ndinaika pomaliza, pambuyo pa a kwaya.

Lero m'mawa kumeta. Abale onse pabwalo, mmodzimmodzi. Ine anandikhazika patali, pampando wa ndekha. Apongozi anauza Olipa kuti tsitsi langa lisagwe pansi, aligwire iwo eni ndi manja awo akalikwirire, ndisatengeko ngakhale limodzi. Ndinavula duku. Chichokere Matthias ku Silverest sindinalivule pamaso pa munthu, ndi pagalasi pomwe sindinayang'ane.

Olipa anaika lumo, anaima. "Mulamu." Basi, mawu amodzi. Anameta pang'ono, anaika m'manja mwa amayi ake.

Apongozi anafumbata kuti apite nalo. Anayenda pang'ono, anaima. Anatsegula dzanja. Analipekesa ndi zala, momwe ankasisitira mutu wa mwana wawo masiku aja ku Silverest. Lofewa. Lopyapyala. Lowongoka. Anayang'ana khosi langa, pini ya pasiketi, manja anga. Ndinaona nkhope yawo ikuwerenga, kuyambira pa Teddy.

Anakhala pansi m'fumbi patsogolo panga, mayi wamkulu.

"Amake Teddy. Na iwe?"

Ndinati nane, amayi.

"Unaziba?" Ndinati ndinkadziwa osafuna kudziwa. "Nanga sunakambe chifukwa chani?" Ndinati mwana wanu anandiletsa. Analira mosiyana ndi pamaliro, opanda mawu, mutu pamaondo anga. Ine maso ouma. Ndinafuna kuwakankha, ndinafuna kuwagwira. Sindinachite chilichonse.

Pambuyo pake anatulutsa kabokosi ka machesi pamfundo ya chitenje. Ati Matthias anakana kukasiya mpaka anapita, batani lili momwemo. Anafunsa kuti kanali kachiyani. Ndinati nkhokwe. "Nkhokwe ing'ono so? Anafuna kuikamo chani?"

Akuti ndisabwerere ku Silverest. "Uzankhala kuno, nizakusunga ine. Sunga nkhale weka." Anditsukira mbale pamodzi ndi zawo, andiyalira m'nyumba ija ya udzu, pamphasa yomweyo. Zimene ndinagwadira pa mtengo wa mango akundipatsa lero, iye atapita.

Ndangopempha tsitsi langa pang'ono, andipatsa osafunsa. Lili m'kabokosi, pambali pa dontho ndi batani. Batire liyenera kuti latha mphamvu, guluu alipo wokwanira. Tsitsilo ndaliyang'ana padzuwa. Matthias akanaliona akanaseka, lawongoka kuposa lake, bowo lake lingatuluke lowongoka bwino.